Za Mungo Murray Chisuse, Wojambula Zithunzi wa ku Blantyre, ndi za Nkhope za Kunyanja Kuno

Aphunzitsi ndi akatekisti anzathu, inu amene mugwira ntchito m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Malindi ndi kwa Mponda kufikira ku Nkope ndi ku Chembe, nkhani imene tikuikirani m'masamba ano iri ya munthu amene ntchito yake anaigwirira kumtunda, ku Blantyre, osati kwathu kuno. Komabe tiyesa kuti itikhudza ife koposa ena. Monga mwa chizolowezi chathu, tiyambe taona mau.

Mau akuti chithunzi ndi mthunzi ali pachibale. Mthunzi ndiwo umene tiuthawira patsinde pa mlambe dzuwa likafika paliwombo. Chithunzithunzi ndicho chija chitsata munthu poyenda iye padzuwa, chachitali m'mawa, chachifupi masana. Pamene azungu anafika ndi bokosi lija lotola nkhope za anthu, makolo athu sanavutike kufuna dzina latsopano. Anati chimene chatsala papepalacho ndi chithunzithunzi cha munthu, ndipo ife lero tingoti chithunzi. Abale athu Ayao anachita chimodzimodzi, pakuti kwa iwo chiwilili ndicho cha padzuwa, ndiponso ndicho cha papepala. Tsono musazizwe pakumva kuti akulu ena anakana kuima patsogolo pa kamera, nati mlendoyu atenga chithunzithunzi chathu napita nacho kwao. Ana a sukulu aseka akamva zimenezi. Ife sitiseka kwambiri, chifukwa akuluwo sanalakwe konse: zithunzi zambiri za dziko lino zinaolokadi nyanja ya mchere, ndipo eni nkhopezo anafa osaziona.

Taonani m'mene dera lino la kumwera kwa nyanja linalowera m'mabuku ndi m'zithunzi. David Livingstone anafika kuno mu 1859, pamene mtsinje wa Shire utulukira m'nyanja, ndipo mnzake wa paulendo, Dr. John Kirk, anali wodziwa kujambula. Mu 1875 sitima yaing'ono ya Ilala inakocheza ku Cape Maclear, itanyamula E. D. Young ndi Dr. Robert Laws. Mu 1891 Harry Johnston ndi asilikali ake ochokera ku India anamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, nalitcha Fort Johnston. Nkhondo zao ndi Makanjira ndi Jalasi zinapitirira kufikira 1895, pamene mudzi wa Jalasi pa phiri la Mangochi unagwa. Mu 1901 sitima ya Chauncy Maples inaikidwa pamadzi kwa Mponda, zitsulo zake zitachokera ku Glasgow, zitalambalala mathithi a Shire pa mitu ya amtengatenga mazanamazana.

Zambiri za nthawi imeneyo zinajambulidwa, ndipo tiyamika kuti zinatero. Koma tsegulani buku la masiku amenewo, monga lija Johnston anatulutsa mu 1897, muwerenge mau olembedwa pansi pa zithunzi. Sitima iri ndi dzina. Linga liri ndi dzina. Mzungu wa nkhondo ali ndi dzina ndi udindo wake womwe. Koma munthu wa dziko lino kawirikawiri alembedwa mtundu wake wokha: Myao, Mngoni, mkazi wa kunyanja, monga momwe alembera mtundu wa mbalame kapena wa nsomba. Mfumu yomveka ndiyo imene nthawi zina inatchulidwa. Chimodzimodzinso zikumbutso zimene ziri pa boma pathu pa Mangochi, pafupi ndi mlatho. Pali nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pali mfuti yaikulu ya pa sitima ya Guendolen, imene Captain Rhoades anapita nayo mu August 1914 kukaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 July 1946. Chiwerengero chao tichidziwa pamtima, ndipo tichiphunzitsa ana. Koma ndani mwa ife angatulutse nkhope ya mmodzi wa iwo?

Nchifukwa chake tifuna kuti mudziwe dzina la Mungo Murray Chisuse, amene olemba mbiri amuyesa woyamba mwa anthu akuda a dziko lino kugwira ntchito ya kujambula zithunzi.

Blantyre wa masiku ake sanali mzinda umene tiudziwa lero. Panali Mishoni ya Church of Scotland, imene inayamba mu 1876, panali sitolo ya Mandala, boma, ndi nyumba zowerengeka za azungu ndi amwenye m'mbali mwa miseu ya fumbi. (Dzina limeneli la Mandala linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa akulu a kampaniyo; ndipo diso la kamera nalonso ndi mandala ndithu.) Chisuse anaphunzira pa Mishonipo. Maina ake awiri oyamba ndi a ku Scotland, monga unali mwambo wa pamenepo kuti mnyamata wobatizidwa alandire dzina la chizungu, nasunga la kwao kumapeto. Motero tiri ndi John Gray Kufa, ndi ena otere. Ena aipidwa nao mwambo umenewu, ndipo tiwamvetsa. Koma taonani kuti dzina limene latsala m'kamwa mwa anthu ndilo la kumapetolo.

Ntchito yake yeniyeni inali ya kusindikiza mabuku, ndipo anakhala mkulu wa nyumba yosindikizira ya Mishoni. M'nyumba imeneyo munatuluka mabuku a sukulu, a nyimbo, nyuzi ya chizungu yotchedwa Life and Work imene inayamba mu 1888, ndi ina ya m'chinenero chathu, Kalilole. Anapita ku Scotland, ku mzinda wa Edinburgh, naonjezera luso lake kumeneko, pa nthawi imene anthu a dziko lino ofika ku Ulaya anali owerengeka pa zala. Mu 1894 mbusa David Clement Scott, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anapatula madikoni asanu ndi awiri achikuda, pofuna kuti mpingo ukhale m'manja mwa eni dziko. Ndipo Chisuse anali mmodzi wa iwo, pamodzi ndi Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa. Njira za atatuwa zinapatukana modabwitsa. Matecheta anadzozedwa ubusa mu 1911, ndipo atakalamba analemba m'Chinyanja mbiri ya chiyambi cha Mishoniyo, imene inatuluka mu 1951. Kufa, amene anaphunzira za chipatala, anaphedwa ndi Boma mu 1915. Chisuse anatisiyira nkhope.

Tiyenera kufotokoza pang'ono kuvuta kwa ntchitoyi, pakuti ana a lero ayesa kuti kujambula ndi kungodina ndi chala. Kamera ya masiku amenewo inali bokosi loima pa miyendo itatu, lolemetsa kunyamula. Wojambula analowetsa mutu wake m'nsalu yakuda, nayang'ana pa galasi la kumbuyo, pomwe munthu woima patsogolo aoneka chadodolido, mutu pansi, miyendo kumwamba. Atakonza zonse analowetsa galasi lina lopakidwa mankhwala osafuna kuwala, natsegula diso la kamera kanthawi kochepa. Ndipo wojambulidwayo anayenera kuuma ngati chitsa, chifukwa akagwedezeka nkhope ichita chimbuuzi. Ichi ndi china cha zifukwa zimene makolo a m'zithunzi zakale saonekera akuseka; sikuti anali anthu aukali ai. Pambuyo pake galasilo linatsukidwa m'mankhwala m'chipinda cha mdima, ndipo mau akuti kutsuka zithunzi tikali nao kufikira lero, ngakhale madzi salowaponso. Pa galasi lotsukalo choyera chioneka chakuda, chakuda chioneka choyera, kufikira ataligoneka pa pepala lake kuti kuwala kupyole, ndipo pamenepo munthu aoneka monga ali. Magalasi, mapepala ndi mankhwala zonse zinali zochokera kunja, zolowera ku Chinde, zokwera Zambezi ndi Shire pa sitima, ndi kusenzedwa kukwera mapiri. Galasi limodzi likasweka kapena likaonongeka, ndi ndalama zatayika.

Ife tiganiza kuti wosindikiza mabuku anali wokonzeka kale kuphunzira zimenezi. Munthu amene tsiku ndi tsiku atola zilembo za mtovu chimodzichimodzi, naziyala chobwerera m'mbuyo monga zioneka m'kalilole, podziwa kuti papepala zidzaongoka, sangadodome poona munthu ali chadodolido pa galasi. Ndiponso wosindikiza adziwa chinthu china: kuti chimene chalowa papepala chikhala nthawi yaitali koposa amene anachinena.

Kusiyana kwa zithunzi za Chisuse ndi zija tanena poyamba kuli apa. Kwa mlendo wolemba buku, munthu anaimitsidwa kuti aonetse mtundu wake, mphini zake, mkondo wake. Sanafunsidwe m'mene afuna kuonekera, ndipo chithunzicho sichinali chake. Kwa Chisuse munthu anadza yekha, kapena anamuitana, atasamba, atavala zimene wasankha mwini, ataitana mkazi wake ndi ana, nalipira, natenga chithunzi kukapachika m'nyumba mwake kapena kutumiza kwa abale. Mwini nkhope anakhalanso mwini chithunzi.

Mwa onse amene anaima patsogolo pa kamera yake, wodziwika koposa ndiye mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission, imene inayamba mu 1900 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe anadziwa bwino ntchito ya chithunzi. Thandizo la mishoni yake linachokera kwa Akhristu achikuda a mpingo wa Baptist ku America, a National Baptist Convention, amene anamtumiziranso L. N. Cheek ndi Emma DeLany kudzathandiza. Ndipo anthu akutali otero akhulupirira msanga chimene aona ndi maso koposa chimene awerenga m'kalata. Tsono m'zithunzi za ku Mbombwe tiona mbusayo atavala suti yake mwaudongo, mai Ida Chilembwe atavala diresi lalitali lofika kumapazi, mwana ali pambali pao. Tiona amai ophunzira kusoka, ana a sukulu m'mizere, ndi tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatsirizidwa mu 1913. Palibe woweramitsa mutu. Onse ayang'ana wojambula m'maso, monga munthu ayang'ana mnzake.

Pano tinene chimene ena atsutsa, pakuti chiri ndi mutu. Ati zithunzi zimenezi zionetsa anthu ovala ngati azungu, okhala pa mipando ngati azungu. Kodi imeneyo ndiyo mbiri ya dziko lino? Tivomera kuti si yonse. Chithunzi chinali cha ndalama, ndipo amene anakhoza kulipira anali aphunzitsi, akalaliki, abusa ndi eni masitolo. Munthu wa thangata wa ku Magomero, wolima thonje m'minda ya A. L. Bruce kuti alipire malo okhalapo, analibe suti, analibenso tsiku lopuma lakuti akaime kwa wojambula. Koma tisaiwale kuti m'masiku amenewo munthu wakuda wovala nsapato ndi chipewa ananyozedwa pamseu, ndipo akakumana ndi mzungu anayenera kuvula chipewacho, apo ai aona zakuda. Kuvala chotero ndi kuima nacho pa chithunzi sikunali kutsanzira chabe. Kunali kunena mau amene sanaloledwe kunena ndi pakamwa.

Zimene zinachitika mu 1915 muzidziwa. Usiku wa pa 23 January anthu a Chilembwe anaukira, napha William Jervis Livingstone ku Magomero ndi azungu ena awiri. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa akuthawira ku malire a dziko la Apwitikizi. Ambiri anaphedwa, Kufa mwa iwo. Tchalitchi chija cha njerwa asilikali a Boma anachiphulitsa ndi onga, kuti pasatsale choti anthu aloze. Koma onga sufika m'bokosi la ku America. Tchalitchicho chinaima zaka ziwiri zokha. M'zithunzi chaima zaka zoposa 100. Chaka chomwecho Boma linaika akulu ofufuza chimene chinautsa nkhondoyo, ndipo anthu ena a Mishoni ya Blantyre anaitanidwa kukachita umboni, Chisuse ali mmodzi wa iwo. Inali nthawi yoopsa kwa munthu aliyense wophunzira, makamaka wodziwana ndi Chilembwe. Komabe mboni zachikuda zinanena za kunyozedwa kwa anthu a dziko lino, ndipo nkhani ya chipewa inatuluka kawirikawiri.

Papita zaka, George Shepperson ndi Thomas Price analemba mbiri ya Chilembwe, Independent African, imene inatuluka mu 1958, naikamo zithunzi za ku Mbombwe. Motero mbadwo umene unamenyera ufulu unaona nkhope ya munthu amene Boma linafuna kuti aiwalike. Kuyambira mu 1997 nkhopeyo inaikidwa pa ndalama zathu za pepala, kotero kuti msodzi wa ku Makawa wogulitsa chambo anaigwira m'manja tsiku ndi tsiku. Mu 2022 Samson Kambalu anaimika ku Trafalgar Square, mu London, chosema chotengera chithunzi china cha mu 1914, cha Chilembwe ataima ndi mzungu John Chorley, chipewa chiri kumutu; chinaima pamenepo kufikira 2024. Wojambulidwa anakwera chotero, koma wojambula anatsala kuseri kwa nsalu yake yakuda. Ndi John McCracken, mphunzitsi wa mbiri, amene mu 2008 analemba nkhani ya moyo wa Chisuse m'masamba a Society of Malawi Journal. Funsani ana a m'kalasi mwanu mawa: onse adziwa Chilembwe, muone ngati mupeza mmodzi wodziwa Chisuse.

Tibwerere kunyanja. Ifenso sitinasowe wosunga mbiri. Wansembe Yohanna Barnaba Abdallah wa mpingo wa U.M.C.A., amene anatumikira ku Unangu, kutsidya kwa malire, anasonkhanitsa kwa akulu mbiri ya Ayao, ya mafumu monga Mataka ndi Makanjira, ndi ya maulendo a malonda a kugombe. Ndipo buku lake, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, Dr. Meredith Sanderson ataikapo chizungu pambali. M'menemo maina ali mbwee, koma mulibe nkhope. M'mabuku a alendo nkhope ziri mbwee, koma mulibe maina. Chimene Chisuse anachita ku Blantyre ndicho kukumanitsa ziwirizi, dzina ndi nkhope, pa pepala limodzi.

Patapita nthawi ntchito yakeyo inafika m'maboma onse, ndi pathu pomwe. Amene tiri ndi zaka makumi anai tikumbukira wojambula wa pa msika, ndi nsalu yake ya kumbuyo yopentedwa nyumba yosanja ndi maluwa. Tikumbukiranso uja wa njinga, kamera iri pakhosi, wofika pa ukwati, pa ubatizo, pa tsiku la Idi, ndi pa tsiku lotuluka anyamata ku ndagala. Anajambula, nalandira theka la ndalama, nabwera nazo zithunzi atatsukitsa ku tauni, nthawi zina patapita mwezi. Palibe anamuyesa wolemba mbiri, ngakhale iye mwini. Koma ngati mufuna kudziwa m'mene nyanja inafikira chaka chakuti, kapena maonekedwe a sukulu yanu isanafoleredwe malata, kapena nsalu imene amai anavala pa nthawi yakuti, muzipeza kwa iye, kumbuyo kwa mkwati ndi mkwatibwi. Tsoka lake ndi lakuti dziko lathu lino ndi lotentha ndi la chinyezi. Zithunzi zimamatirana m'sutikesi, chiswe ndi mphemvu zidya, denga lidontha. Ndipo za masiku ano, zokhala m'foni, zipita zonse pamodzi tsiku limene foniyo yagwera m'madzi pa bwato.

Tsono chimene tipempha kwa inu ndi chaching'ono. Poyendera mabanja, funsani ngati muli chithunzi chakale m'nyumbamo. Musachitenge, pakuti nchao. Khalani pansi ndi wamkulu wa pakhomopo, mumfunse aliyense amene ali pamenepo, kuyambira kumanzere, dzina lake, mudzi wake, mfunda wake, chaka ngati achikumbukira, ndi dzina la wojambula lomwe. Ndipo mulembe kuseri kwake ndi pensulo, osati ndi inki, chifukwa inki ipyola niononga nkhope.

Ife tinayesa chaka chatha. M'nyumba ina pafupi ndi Malindi anatitulutsira chithunzi chofiira ndi ukalamba, cha amuna asanu ndi awiri ovala mikanjo yoyera, ataima patsogolo pa sukulu ya udzu. Kuseri kunalibe kanthu. Eni nyumba anangodziwa kuti mmodzi ndi agogo ao, koma anatsutsana kuti ndi uti. Tinapita nacho kwa agogo ena aakazi a m'mudzimo, amene maso ao ayamba kuchita khungu. Anachitengera pakhomo pomwe pali kuwala, nachiyandikiza kumaso, nakhala chete nthawi yaitali, kotero kuti tinayesa kuti sakuona kanthu. Pamenepo anayamba kuloza ndi chala. Anatchula anai, wina ndi dzina lake la ubatizo, wina ndi dzina la mwana wake woyamba, wina ndi dzina lomseka nalo chifukwa cha kayendedwe kake. Ndipo mkangano wa eni nyumba anauthetsa pomwepo, nati agogo anu ndi uyu wa kumapetoyu, simuona makutu? Za atatu otsalawo anati anali aphunzitsi ochokera ku Likoma, anadza pa sitima, sanakhalitse. Tinalemba anaiwo ndi pensulo, ndipo atatuwo tinawasiyira mizere yao. Ngati wina wa inu wa ku Likoma afika ku Malindi, atiuze, tidzamperekeza kunyumbako.